Kukhalira Manja: Mlandu wa Esinati ndi Siginecha Yanga

Agnesi ndi Filipo, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene chitupa changa cha uyang'aniri wa mipikisano ya tchesi sichili pakhoma pamodzi ndi mapepala anga ena a ntchito. Mayi anu amangoti, “Afunseni eni ake.” Nthawi imene zinkachitika nonse munali kutali, ndipo zochepa zimene mukudziwa munazimva kwa anthu a pamsika wa ku Chipyela. Lero ndalemba ndekha, poti kandimverere adakanena za m'maluwa.

1985, Rumphi

Uphunzitsi ndinauyambira pa sekondale ina ya m'mapiri m'boma la Rumphi, ndili ndi sutikesi imodzi ndi juzi yobwereka. Mwana wa ku Likoma sadziwa kuzizira mpaka atakwera kumeneko. Ndinkaphunzitsa masamu. Choko chinkabwera kamodzi pa teremu, ndiye tinkachidula ndi lezala kuti chikwanire, ndipo buku limodzi ankaligwira ana asanu, wachisanuyo akuwerenga mozondoka. Ahedi athu anali a Nyirenda, bambo wamfupi amene ankavala tayi ngakhale Loweruka. Mu ofesi mwawo munali bolodi yakale ya tchesi. Zidole zitatu za asilikali zinali zitasowa kalekale, m'malo mwake tinkaika zitsekerero za mabotolo. Mphunzitsi aliyense watsopano ankamuphunzitsa masewerawo, kaya akufuna kaya sakufuna, chifukwa anzawo onse anali atatopa nako kugonja.

Ine ndinawakonda msanga masewerawo, koma ndinali waphuma. Ndikangoona kavalo wa ahedi ali poyera, dzanja linkapita lokha. Tsiku lina anandigogoda zala ndi rula ngati mwana wa sitandade wani.

“Mphunzitsi, dzanja lanu likuthamanga kuposa mutu. Likhalireni.”

“Ndikhalire chiyani, bwana?”

“Manja. Ikani pansi pa ntchafu zanu. Mnzanu akasuntha, onani zimene wachita, kenako yang'anani pansi, chifukwa bolodi imakopa. Werengani mumtima mpaka khumi ndi zisanu, mukudzifunsa kuti munthuyu akufuna chiyani. Mukamaliza ndiye tulutsani dzanja.”

“Nanga njira ikakhala imodzi yokha, bwana?”

“Pamenepo ndiye werengani bwinobwino. Anthu amagwera m'dzenje panjira imene akuidziwa.”

Ndinaseka, koma ndinamvera. Patatha miyezi isanu ndinawagonjetsa koyamba, ndipo sabata yonseyo sanandiyankhule kupatula za ntchito.

1997, kubwerera kwathu

Nditachoka ku Rumphi ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi ku Chikwawa, kumene ndinaphunzira kuti kutentha nakonso kuli ndi akuluakulu ake. Za kumeneko ndinalemba kale. Mu 1997 anandilola kubwerera kwathu kuno ku Likoma, ndipo chinthu choyamba chimene ndinachita pasukulu yathu ndi kuyambitsa kalabu ya tchesi. Bolodi tinajambula pa katoni, zidole anatisemera mmisiri wa mabwato wa ku Khuyu, moti akavalo ake ankafanana ndi mbuzi. Makolo ena ankadandaula kuti ndikuphunzitsa ana juga. Wansembe wina anabwera kudzaona, ndipo atamva kuti pabolodi pali mabishopu anayi anati palibe choipa chingachitike pamenepo.

Lamulo la a Nyirenda ndinalisandutsa lamulo la kalabu. Mwana aliyense ankakhalira manja, kuwerama, kuwerenga mpaka khumi ndi zisanu, pa kusuntha kulikonse, kovuta kapena kophweka. Woiwala ndinkamuchotsera msilikali mmodzi pabolodi. Alendo akalowa m'kalasimo ankaganiza kuti apeza ana akupemphera. Ndinkanyadira zimenezi, ndipo ndinkakonda kuwauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita zaka ndinapita kumtunda kukachita maphunziro a uyang'aniri wa mipikisano, ndinapatsidwa chitupa, ndipo ndinkachilemekeza kuposa satifiketi yanga ya uphunzitsi. Woyang'anira saweruza ndi mphamvu. Ali ndi maso ake ndi siginecha yake basi, ndipo anthu amene sanaone masewerawo amakhulupirira zimene wasainira.

Vuto lathu linali limodzi, nyanja. Mipikisano inkachitikira ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, ndipo sitima sifunsa kuti mpikisano wanu uli liti. Kangapo konse tinafika anzathu atasewera kale ndime ziwiri. Ana abwino ambiri anadutsa m'manja mwanga osadziwika ndi munthu kutsidya.

2021, tchesi ya pa intaneti

Matenda a korona atatseka maulendo ndi misonkhano, akuluakulu oyendetsa tchesi anasamutsira mpikisano wa masukulu pa intaneti. Kwa ena zinali zachisoni. Kwa ife nyanja inali itaphwa.

Koma pa intaneti pali mdani amene pabolodi yamatabwa palibe. Pali mapulogalamu amene osewera amawatcha injini. Umangoikamo mmene zidole zakhalira, iyo n'kukuuza posuntha, ndipo imasewera kuposa katswiri aliyense wamoyo. Imakwana m'foni wamba. Ndi likasa, kungoti ili silimalakwitsa. Choncho malamulo anali okhwima. Wosewera aliyense akhale payekha m'chipinda ndi woyang'anira wovomerezeka. Kamera ya kompyuta izionetsa nkhope yake kwa akomiti nthawi yonse. Kamera ina ikhale kumbuyo kwake, izijambula manja, tebulo ndi chipinda, ndipo zojambulazo azisunga woyang'anira kuti azitumize zikafunidwa. Mafoni onse alandidwe. Pakutha pa ndime iliyonse woyang'anira asaine fomu yonena kuti anali m'chipindamo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiponso kuti makamera onse awiri anali oyaka. Mzere umodzi ukalephereka, masewerawo ankapatsidwa kwa mnzake. Malamulo amenewa ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero ndimagwirizana nawo.

Pa ana athu, amene anafika tsiku lomaliza anali mmodzi, Esinati. Anali wa fomu 3, mwana wa a Mikaeli, msodzi wa ku Yofu. Ankayenda wapansi tsiku lililonse kuchokera kwawo, wosalankhulalankhula, wamakani pang'ono. Pa zaka zanga zonse sindinaphunzitsepo mwana woona patali ngati iye, ndipo sindinamuchotserepo msilikali ngakhale kamodzi. Tinamuikira tebulo mu laibulale, pafupi ndi zenera lokhalo pamene netiweki inkagwira osadumphira ya ku Mozambiki. Laputopu tinabwereka kwa mphunzitsi wa sayansi. Kamera yakumbuyo inali foni yanga, nditaitsamiritsa pa dikishonale pamwamba pa shelefu. Opambana awiri oyamba ankalowa m'timu ya achinyamata ya dziko.

Ndime zitatu za m'mawa zinayenda bwino. Anapambana ziwiri, imodzi anafanana mphamvu ndi mnzake. Ndime yachinayi, dzuwa litangopendeka, anakumana ndi mnyamata wa ku Lilongwe amene aliyense ankati chikho n'chake. Atangosuntha kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndinamva “odi” wapansipansi pakhomo. Anali a Yohana, amalume a mayi anu, atayenda kuchokera ku Khuyu, chipewa chili m'manja. Munthu wamkulu akavula chipewa asanaone mwini nyumba, umadziwa kale.

“Apongozi, nabwera ndi mau,” anatero.

Inu mukudziwa kuti kwathu uthenga wa maliro salandirira pakhomo, ndipo saupereka munthu ali chiimire. Sindinaganize n'komwe. Ndinatuluka, tinakakhala pamwala pansi pa mlambe uja wa kuseri kwa laibulale. Anandifunsa za kunyumba, ndinawafunsa za ku Khuyu, monga mwa mwambo, kenako anati, “Alamu anu a Petulo atisiya ku Joni usiku wathawu.” Amalume anu a Petulo ndi amene anandilandira m'banja muno. Ndinalira pomwepo.

“Wandu kumudzi akudikira kumva ngati thupi libwera,” anapitiriza a Yohana. “Manambala a ku Joni ali m'foni mwanu. Imbani, apongozi.”

Ndinalowa mu laibulale monyang'ama, ndinachotsa foni pa dikishonale paja, n'kutuluka nayo. Esinati sanacheuke n'komwe, anali atawerama akuwerenga. Ndinaimba mafoni atatu. Pamene ndinkabwerera m'chipindamo panali patadutsa mphindi zoposa makumi awiri, ndipo ndinapeza mwana ataimirira, manja ali pakamwa. Anali atamugonjetsa mnyamata uja, atapereka mfumukazi dala kuti atsekereze mfumu pakona.

Fomu inali patebulo. Ndinaiona mizere iwiri ija. Ndinadziwa kuti ndikalemba zoona, chipambano chokongola chimenechi chipita kwa amene wagonja, chifukwa cha ine. Kunja a Yohana ankandidikira kuti tikauze mayi anu. Ndinatenga cholembera, ndinachonga kuti inde, inde, n'kusaina. Zonsezi sizinanditengere nthawi yokwana kumeza malovu. Esinati anapambananso ndime yomaliza ine ndili pomwepo, ndipo anakhala wachiwiri m'dziko lonse.

Kalata

Tinali tisanachotse n'komwe zisakasa za pamaliro pamene kalata inafika kwa ahedi. Akomiti anali ataimitsa zotsatira za Esinati pomuganizira kuti anabera. Anapereka zifukwa zitatu. Mu ndime yachinayi, kusuntha kwake kochuluka kunafanana ndi kwa injini. Chachiwiri, nthawi imene ankatenga asanasunthe inali pafupifupi yofanana nthawi zonse, povuta ndi pophweka pomwe, pamene munthu wosewera ndi mutu wake amafulumira pophweka n'kuchedwa povuta, koma wokopera amachedwa mofanana poti amayamba wafunsa kaye foni. Chachitatu, kamera yakutsogolo inaonetsa kuti asanasunthe ankayang'ana pansi, ndipo manja ake sankaoneka. Anapempha kuti nditumize zojambula za kamera yakumbuyo, ndi kalata yotsimikiza zimene ndinasainira.

Chilumba chathu n'chaching'ono, nkhani siikwera galimoto koma imafika. Tsiku lotsatira pamsika ankati mwana wa Mikaeli waba ndi kompyuta. Ambiri sankadziwa kuti tchesi n'chiyani, koma mau oti kuba ankawadziwa. Anzake anayamba kumutchula kuti Injini. Amayi a m'kwaya ya ku Yofu anauza mayi ake kuti mwanayo ayambe wapuma kaye kuimba mpaka nkhani itatha.

A Mikaeli anabwera kunyumba kwathu Lachinayi m'mawa, asanapite n'komwe kukagona atachoka kunyanja. Anakana mpando, anakhala pakhonde.

“Aphunzisi, ine sinidziwa za masewera anuwa. Nidziwa chindu chimodzi. M'nyumba mwanga simunatulukepo mundu wakuba. Inu munali pomwepo. Auzeni wanduwo zimene munaona.”

Ndinawayankha kuti ndikulemba kalata. Sindinawayang'ane kumaso.

Ahedi athu a nthawi imeneyo, munthu wabwino ndithu, ndinawauza zonse mu ofesi chitseko chili chotseka. Nditamaliza anati, “A Barnaba, mwatsala ndi chaka chimodzi kuti mupume. Lembani kuti munalipo, ndipo zojambulazo zinafufutika. Ndani sadziwa mafoni athu ndi netiweki ya ku Likoma? Siginecha yanu ndi ya zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, palibe angaitsutse. Mumupulumutsa mwanayo, mupulumutsa sukulu, mudzipulumutsa nokha. Bodza lake lili pati ngati mwanayo sanabere?”

Funso limenelo ndi limene linandisautsa, chifukwa pansi pamtima panali pamene sindinkafuna kuyang'ana. Sindinalimo m'chipindamo. Mfumukazi ija anaipereka ine ndili pansi pa mlambe. Ndikuvomera ndi manyazi kuti ndinamukayikira Esinati. Ndinamuitana ana ataweruka.

“Esinati, tsiku lija unali ndi foni?”

“Foni yanga munatenga ndinu, aphunzitsi. Inali m'thumba la jekete lanu.”

“Ina?”

Sanalire. Anangoti, “Nanunso?” n'kutola mabuku ake.

Loweruka m'mawa ndinakhala pakhonde n'kutsegula zojambula za ndime zitatu zoyamba zija. Ndinali ndisanazionepo, poti ndinalipo ndekha pojambulapo. Kuonera kumbuyo n'kosiyana. Mnzake akasuntha, Esinati ankadzutsa mutu kuona, kenako manja onse awiri pansi pa ntchafu, mutu pansi, milomo ikugwedezeka pang'onopang'ono. Ndinayamba kuwerenga naye. Khumi ndi zisanu. Kusuntha kotsatira, khumi ndi zisanu. Pamalo ena mfumu yake inali ndi kothawira kumodzi kokha, koma iye anakhalirabe manja mpaka kumaliza kuwerenga. Ndinaika foni pansi. Zizindikiro ziwiri mwa zitatu zimene akomiti anamugwira nazo ngati wakuba zinali ntchito ya manja anga. Zaka zonsezi ndinkaphunzitsa ana a ku Likoma kusewera ndendende mmene wobera amaonekera pa kamera, ndipo palibe anazindikira, chifukwa kunalibe kamera yotiona.

Zojambulazo zikanamuyeretsa. Koma kutumiza za ndime zitatu n'kunena kuti za ndime yachinayi yokha ndiyo zafufutika, ngakhale mwana akanadabwa. Kutumiza zonse kunali kuonetsa dzanja langa likuchotsa foni pa shelefu. Kunena kuti zonse zafufutika kunali kusiya dzina la Esinati litapachikika pa siginecha yanga yokha, imene ine ndinkadziwa kuti ndi yowola. Akanapambana mlandu, koma anthu akanati ahedi ndi aphunzitsi anamubisa. Mayi anu, ali m'zovala zakuda zolira mlongo wawo, anandimvetsera mpaka kumaliza, n'kunena kuti, “Akulu amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Kwa inu zatembenuka. Mwadya ndinu, akupotedwa ndi mwana wa eni. Mutu ukakula sulewa nkhonya, bambo a Agnesi.”

Ndisanalembe kalatayo ndinayenda kupita ku Yofu, chifukwa choonadi changa chinali choti chimulanda mwanayo chinthu chake. Ndinamupeza akuyanika usipa pathandala pamodzi ndi mayi ake. Tinakhala pansi, bambo ake ali pomwepo, ndipo ndinafotokoza zonse, za a Yohana, za foni, za fomu.

“Ndiye masewera anga aja afa?” anafunsa.

“Afa, mwana wanga. Awapereka kwa mnyamata uja. Ndipo popanda ndime imeneyo sukhalanso wachiwiri.”

“Koma ninapambana nekha.”

“Ndikudziwa.”

“Mukudziwa bwanji? Munalibepo.”

A Mikaeli ankangosoka ukonde wawo osadzutsa mutu. Kenako anati, “Timuyo ipite. Nifuna dzina.”

Kalata ndinailemba tsiku lomwelo. Ndinavomera kuti ndinatuluka, ndinachotsa kamera, ndipo ndinasainira bodza. Ndinatumiza zojambula zonse, ndi ya dzanja langa yomwe. Ndinafotokoza za lamulo la kukhalira manja kuyambira kwa a Nyirenda. Pomaliza ndinapempha chinthu chimodzi, kuti asamuweruze mwanayo ndi mau anga, poti mau anga analibenso mtengo, koma amuyese pabolodi yamatabwa iwo akuona.

Mzuzu

Yankho linabwera patatha milungu itatu. Masewera a ndime yachinayi anapatsidwa kwa mnyamata wa ku Lilongwe. Ine anandiimitsa uyang'aniri ndipo anandiuza kuti ndibweze chitupa. Pa zonsezi sanalakwitse. Pempho langa analivomera.

Tinakwera sitima anthu atatu, Esinati, mayi ake ndi ine, kenako minibasi kuchokera ku Nkhata Bay. Ulendo wonse Esinati sanandiyankhule kupatula kundipatsa moni. Ku Mzuzu anatilowetsa m'chipinda china cha msonkhano. Munali akomiti awiri ndi katswiri wina wamkulu, bambo wandevu zaimvi amene anali woti asewere ndi Esinati. Mwanayo anamusecha, anamupatsa mpando wopanda tebulo lobisa miyendo. Ine anandikhazika pakona, kutali, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake. Wapampando wa komiti, mayi wa magalasi, anali ndi wotchi m'manja.

Esinati anasuntha msilikali, katswiri uja anayankha, ndipo mwana anaika manja pansi pa ntchafu n'kuwerama. Ndinaona mayi wa magalasi uja akuyang'ana pansi pa mpando, kenako pa wotchi. Zinapitirira choncho. Pakati pa masewera katswiriyo anadya kavalo, ndipo panalibe china choti Esinati achite koma kubwezera pomwepo. Aliyense m'chipindamo ankaona zimenezo. Iye anakhalira manja.

“Mwana iwe, ukudikira chiyani?” anafunsa katswiriyo, kuiwala kuti posewera salankhula. “Njira ndi imodzi.”

“Nikuwerenga,” anatero Esinati osadzutsa mutu.

Bambo uja anaseka mpaka kupukuta misozi. Koma kuseka kunatha, chifukwa masewera oyambawo anafanana mphamvu atatuluka thukuta. Achiwiri anapambana katswiriyo, movutikira. Kenako anamuikira pabolodi mmene zinalili mu ndime yachinayi ija, n'kumufunsa chifukwa chimene anaperekera mfumukazi. Esinati anawaonetsa njira zinayi zimene anaziona, ndi imodzi imene ankaiopa, imene mnyamata uja sanaione. Katswiriyo anatembenukira kwa akomiti n'kunena kuti, “Wokopera amadziwa posuntha. Sadziwa chimene ankaopa.”

Madzulo ake anatipatsa kalata yonena kuti sanapeze umboni uliwonse woti Esinati anabera. Malo a m'timu anali atapita kale. Potuluka mayi wa magalasi anandiimitsa pakhomo. “Aphunzitsi, lamulo lanulo ndi labwino, koma pa intaneti ana anu azikhalira manja pamwamba pa tebulo.” Ndinati ndamva. Anawonjezera kuti, “Mukanangolemba zoona tsiku lomwelo, tikanaonetsa chifundo pa nkhani ya maliro. Mwina tikanati abwereze masewerawo.” Mau amenewo ndi amene amandipweteka kwambiri mpaka lero.

Lamulungu

Kalata ya ku Mzuzu inalembedwa m'Chingerezi, ndipo pamsika sawerenga makalata. Titabwerera, anthu ankangoti aphunzitsi akonza zinthu kumtunda. Ndinaona kuti dzina limene linadetsedwa pagulu siliyera mu envulopu.

Ndinapita kwa wansembe kukapempha mphindi ziwiri pa nthawi ya zolengeza m'tchalitchi chachikulu. Anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino. Lamulungu limenelo, atatha kulengeza za maukwati ndi za ntchito ya kumanda, ndinaimirira kutsogolo kumene ndinawerengako mau a Mulungu zaka zambiri. Ndinati, “Abale anga, mwamva kuti pa mpikisano wa tchesi panachitika chinyengo. N'zoona. Koma Esinati, mwana wa a Mikaeli a ku Yofu, sanabe kanthu. Akatswiri amuyesa ndi maso awo ndipo amupeza woyera. Amene ananama ndine, Barnaba. Ndinasainira kuti ndinali pamalo pamene sindinalipo, ndipo bodza langalo lamulanda mwanayu malo amene anawapeza ndi mutu wake. Amene munamutchula wakuba, mubwere mudzanditchule ine wabodza, ndikuyankhani.”

Ndinabwerera pampando. Mayi anu sanandiyang'ane, anangoika dzanja lawo pa bondo langa. Potuluka anthu ena anandilambalala, ena anandigwira chanza. A Mikaeli anadikira mpaka anthu atachepa, n'kubwera. “Aphunzisi, zikomo. Dzina labwera.” Lamulungu lotsatira Esinati anali m'kwaya.

Koma iye ndi ine sizinabwerere msanga. Ankabwera ku kalabu, ankasewera, ankandiyankha mwaulemu, basi. Dzina ndinamubwezera, koma funso lija loti “ina?” linalibe polibwezera. Ndinapuma ntchito chaka chotsatira tikadali choncho.

2024, pakhonde pano

Chaka chatha, m'mwezi wa mwera, ndili pakhonde pano ndikusenda chinangwa, ndinamva “odi.” Anali Esinati, atabwera kutchuthi kuchokera ku koleji ya uphunzitsi. Tinapatsana moni, anafunsa za mayi anu, za inu. Kenako anatulutsa pepala m'chikwama. Ankafuna kukachita maphunziro a uyang'aniri wa mipikisano, ndipo fomuyo inkafuna munthu amene anamuphunzitsa tchesi kuti asainire za khalidwe lake.

“Mwana wanga, siginecha yanga akuidziwa kumeneko. Ikhoza kukuwonongera. Pita kwa ahedi.”

“Akuidziwadi,” anatero. “N'chifukwa chake nabwera kuno.”

Maso anga anachita chidima ndi misozi. Ndinapukuta manja pa buluku, ndinalanda cholembera m'manja mwake, n'kuyamba kufunafuna mzere wosainapo. Iye anagwira pepalalo ndi chala chimodzi.

“Aphunzitsi,” anatero, akudziletsa kuseka, “yambani mwakhalira manja.”

Ndinaika cholembera pansi. Ndinaika manja onse awiri pansi pa ntchafu zanga, ndinawerama, ndipo ndinawerenga mpaka khumi ndi zisanu, iye akuwerenga nane chapansipansi. Kenako ndinawerenga fomu yonse, mzere ndi mzere, n'kusaina.